Mkwiyo ulibe kwawo: ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje m'mbiri ya zionetsero

Lero ndati tikambirane nkhani imene ambiri timaikamba monong'ona, mwina posinthana makalasi, mwina pamsika, koma kuilemba timachita nayo mantha. Ndikunena mkwiyo wa anthu pa boma, ndi kugawanika kwa dziko lathu potengera zigawo. Ndalemba dala m'Chichewa kuti ngakhale makolo athu, wina akawawerengera, amve ndi kutsutsa pomwe akuona kuti mpofunika kutsutsa.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Mkwiyo wa anthu ulibe kwawo. Lero uli ku Mzuzu, mawa ku Ndirande, mkuja kuno kwathu. Ife a kumwera kwa boma la Lilongwe takhalapo mbali zonse ziwiri. Tidakhalapo anthu okwiya, tidakhalaponso anthu amene anzathu ankatiloza chala kuti boma ndi lathu pamene iwo akulira. Tikayang'ana zaka zonsezi, chimene chakhala chikusiyanitsa chaka cha maliro ndi chaka cha mtendere ndi khomo loti mkwiyowo utulukire: bwalo la milandu, bokosi la mavoti, kapena msewu wopanda zipolopolo. Khomo likatsekedwa, mkwiyo umagumula khoma.

Malimidwe ndi Chitaganya

Tiyambire kwa agogo athu. M'nthawi ya atsamunda, chigwa cha Lilongwe chino chidali kuchimake kwa fodya wa chikopa. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, lomwe linkalemba alimi m'kaundula, kunena malo ogulitsira fodya, ndi kudulako gawo lake pa mtengo. Mlimi ankakhetsa thukuta kuchokera ku nazale mpaka kumsika, koma pa mtengo adalibe mawu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kudabwera malamulo amene anthu ankangowatchula kuti malimidwe: kulima mizere yopingasa, kuumba milambala yotchinga madzi, kuzula zitsa za fodya ndi thonje pa nthawi yoikika. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa kumene. Nzeru yake siidali yoipa, paja ndi zomwezi alangizi akutiphunzitsa lero. Koma chinthu chabwino chikabwera ndi chikoti chimasanduka mdani.

Pamwamba pa izi, mu 1953 boma la Britain lidalowetsa Nyasaland m'Chitaganya pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ngakhale mafumu adapita mpaka ku London kukakana. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu idauza anthu ake kuti asiye kutsatira malamulo a malimidwe, ndipo boma lidaichotsa pa mpando. Ku Thyolo ndi madera oyandikana nako, zipolowe za chaka chomwecho zidaphetsa anthu 11. Atsogoleri a Congress adatolapo phunziro: munthu wa kumudzi mwina samvetsa zonse za Chitaganya, koma chindapusa cha mizere amachimvetsa bwino lomwe.

Kamuzu atafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958, moto udakolera dziko lonse. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Anthu oposa 1,300 adatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo anthu oposa 50 adaphedwa, ambiri pa tsiku limodzi pa doko la ku Nkhata Bay. Taonani amene ankatsogolera nthawi imeneyo: Kamuzu wa ku Kasungu, Henry Chipembere wa ku Mangochi, Kanyama Chiume wa ku Nkhata Bay, Dunduzu Chisiza wa ku Karonga. Palibe ankafunsa mnzake kuti kwanu nkuti. Anthu wamba adalibe voti, ndiye mkwiyo udalibe pena potulukira koma m'misewu. Khomo lidatsegukako pa chisankho cha 1961, ndipo MCP idapambana mosavuta.

Pamene ankati boma ndi lathu

Umodzi uja sudakhalitse. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu mu 1964, nduna zidasemphana ndi Kamuzu. Ambiri mwa amene adachotsedwa kapena kutula pansi udindo adali a kumpoto ndi kumwera, ndipo kuyambira pamenepo maganizo adayamba kumera akuti boma ndi la Chigawo cha Pakati.

Tisakane, panali zinthu zoti anzathu azilozera. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi. Chaka chomwecho kudayamba chitukuko chachikulu cha ulimi cha Lilongwe Land Development Programme, cha ndalama za World Bank, chomwe chidabweretsa misewu, mijigo ndi misika m'madera a Lilongwe. Koleji ya Bunda, yoyandikana ndi Mitundu, idatsegulidwa m'zaka zomwezo. Mu 1975 likulu lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Ndipo ife aphunzitsi tisaiwale 1989, chaka chimene aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera ku chigawo chawo, powanamizira kuti saphunzitsa bwino ana a zigawo zina. Sukulu zambiri za Pakati ndi Kumwera zidatsala ndi makalasi opanda mphunzitsi. Odwala nalo lamulolo adali ana athu omwe.

Koma funso ndi ili: boma lathu, lathu la yani? Mayi wa ku Nathenje ankafunsidwa khadi ya chipani pakhomo la msika chimodzimodzi mayi wa ku Rumphi. ADMARC inkagula mbewu za mlimi wamng'ono pa mtengo wolira, pamene fodya wa bale, yemwe adali ndi ndalama, ankaloledwa ku maesiteti okha mpaka cha m'ma 1990. A Mboni za Yehova, mpingo wawo utaletsedwa mu 1967, adamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 zikwizikwi zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ambiri ochokera m'midzi ya Chigawo cha Pakati chomwechi. Mwa anthu anayi ophedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala adali ana a chigawo chino, pamodzi ndi anzawo Dick Matenje ndi David Chiwanga. Mkwiyo udalipo, kungoti unkameza malovu.

Nyali ndi tambala

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse. Idatchula poyera za malipiro ochepa, za kumanga anthu popanda mlandu, za mantha. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Mu Meyi, sitalaka yomwe idayambira pa kampani ya David Whitehead ku Blantyre idasanduka zipolowe zomwe zidafika ndi ku Lilongwe komwe, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa. Maiko opereka thandizo adaimika chithandizo chawo. Chidalinso chaka cha chilala chachikulu. Njala ndi ndale zidakumana pamphambano.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu oposa 60 pa 100 aliwonse adasankha nyali, chizindikiro cha matipate. Koma tikagawa zotsatirazo m'zigawo, chithunzi chimasintha. Kumpoto ndi kumwera, anthu oposa asanu ndi atatu mwa khumi adasankha nyali. Kuno pakati, pafupifupi awiri mwa atatu adasankha tambala wakuda, kuti chipani chimodzi chipitirire.

Ine nthawi imeneyo ndidali m'makalasi akumapeto a pulayimale, ndipo ana a masiku ano akandifunsa chifukwa chimene makolo awo adavotera choncho, sindiwalola kuyankha mwachidule kuti udali umbuli. Ena ankamukonda Kamuzu ndi mtima wonse. Ena ankaopa, poti zaka makumi atatu za makadi ndi apayoniya sizichoka m'mutu tsiku limodzi. Ena adauzidwa kuti matipate ndi nkhondo, ndipo nkhondo ankaidziwa, chifukwa othawa nkhondo a ku Mozambique adali atadzaza m'malire a Dedza ndi Ntcheu. Enanso ankaopa kuti zinthu zikasintha, zigawo zina zidzabwezera pa ife. Ngakhale Sinodi ya Nkhoma, yomwe ili ndi akhristu ochuluka kuno, siidalowe nawo m'bungwe la PAC pa nthawiyo, pamene masinodi a Blantyre ndi Livingstonia adalowa.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 mapu a zigawo adaoneka poyera. Bakili Muluzi adapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Kamuzu 33, Chihana 19. AFORD idatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, MCP idagwira pakati, UDF kumwera. Chimodzi chokha choti tiyamikire: mkulu uja adavomera zotsatira za riferendamu, adavomeranso kugonja mu 1994. Khomo lidatseguka, ndipo dziko silidalowe m'nkhondo. Kuchokera tsiku limenelo, ife a kuno tidasanduka anthu a mbali yotsutsa kwa zaka 26.

Chaka cha makuponi ndi chaka cha zigubu

Alipo amene amati Amalawi adzavota potengera kwawo mpaka kalekale. Chisankho cha 2009 chimawatsutsa. Bingu wa Mutharika adalowa m'boma mu 2004 ndi mavoti osakwana 40 pa 100, koma atayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo mu 2005, dziko likadali ndi zipsera za njala ya 2002, anthu adakolola chimanga. Mu 2009 adapeza mavoti 66 pa 100, adapambana kumpoto, ndipo ngakhale kuno pakati MCP idataya mipando yambiri, nkutsala ndi aphungu osakwana 30. Nkhokwe idalankhula mokweza kuposa chigawo.

Patangopita zaka ziwiri, anthu omwe aja adali m'misewu. Mu 2011 mafuta a galimoto adasowa, ndalama zakunja zidasowa, ndipo mitengo ya fodya ku okushoni ya Kanengo idagwa, mabelo ambiri nkumabwezedwa. Inu a ku Mitundu mukukumbukira kudikira minibasi ya mtauni mpaka dzuwa kukwera, zigayo za dizilo zili zii. Inu a ku Nathenje mukukumbukira anthu a zigubu m'mbali mwa msewu wa M1. Pamenepo boma m'malo momvera lidayamba kutseka makomo. Mu Febuluwale mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, ndipo nkhondo ya ufulu wa kaphunzitsidwe idatseketsa kolejiyo kwa miyezi. Mu Epulo kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, adathamangitsidwa. Kudabweranso lamulo lolepheretsa anthu kutenga msanga ziletso za khoti polimbana ndi boma.

Pa 20 Julayi 2011 anthu adavala zofiira nkutuluka ku Mzuzu, Karonga, Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Dzulo lake, anyamata onyamula zikwanje adaoneka akuzungulira mu Blantyre pa galimoto za chipani cholamula. M'masiku awiri anthu 20 adafa, ndipo mzinda umene udalira kwambiri ndi Mzuzu, chigawo chomwe chidamuvotera Bingu mu 2009. Kafukufuku amene adachitika pambuyo pake adapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Mu Sepitembala chaka chomwecho, wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, adapezeka atafa pa sukulupo.

Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, ena adayesa kutchinga wachiwiri wake, Joyce Banda, kuti asalowe pa mpando. Asilikali, motsogozedwa ndi Henry Odillo, adaima ndi malamulo, ndipo mayiyu adalumbira pa 7 Epulo. Kukhala kuti khomo limenelo lidatsekedwanso, sindikhulupirira kuti maliro a 20 Julayi akadakhala omaliza.

Pamene okwiya tidali ife

Mu 2014 Peter Mutharika adapambana ndi mavoti 36 pa 100. Malamulo a nthawiyo ankalola munthu kulamula dziko ngakhale anthu ambiri atamukana, bola wapambana anzake. Njira imeneyi inkalimbikitsa wandale kusamala kwawo kokha, chifukwa chigawo chimodzi chokhala ndi anthu ambiri chinkakwanira.

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bungwe la MEC lidalengeza kuti Mutharika wapeza 38.57, Lazarus Chakwera 35.41, Saulos Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kudali mavoti pafupifupi 159,000. Kenaka kudamveka za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasainidwa, ena osakhala enieni. Apa mkwiyo udasamukira kuno. Madera athu adali atavotera MCP mwaunyinji, ndipo anthu ankaona ngati awalanda nsima pakamwa. Bungwe la HRDC, motsogozedwa ndi Timothy Mtambo ndi Gift Trapence, lidayendetsa zionetsero kwa miyezi yambiri, kufuna kuti wapampando wa MEC, Jane Ansah, atule pansi udindo. Anthu atataya chikhulupiriro mwa apolisi, asilikali ndi amene ankaperekeza zionetserozo.

Tinene zoona zonse, ngakhale zowawa. M'zionetsero zija mudali anthu ofuna chilungamo, mudalinso akuba. Ogulitsa m'magolosale ang'onoang'ono, amene sadafufutepo pepala lililonse, adathyoleredwa. Maphunziro adasokonekera, ndipo ana a Fomu 4 a chaka chimenecho adakonzekera mayeso m'kati mwa utsi wa matayala. Pa 8 Okutobala 2019 ku Msundwe, pa msewu wa ku Mchinji, wapolisi Usumani Imedi adaphedwa ndi gulu la anthu. Pobwezera, apolisi adalowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana adagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe. Mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu lidalamula boma kupepesa amayi 18 ndi ndalama. Wapolisi uja adali ndi banja. Amayi aja adali alongo athu. Amene amakumbukira mbali imodzi yokha ya nkhaniyi sakuphunzitsa mbiri, akuchita kampeni.

Chimene chidapulumutsa dziko nchakuti pamene ena adali m'misewu, Chakwera ndi Chilima adatengera nkhaniyo ku khoti, ndipo anthu ankaitsatira pa wailesi tsiku ndi tsiku. Ndani angaiwale magulu a anthu atazinga wailesi pa msika wa Mitundu, ogulitsa tomato ndi a kabaza akutsutsana za umboni ngati maloya? Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, adafafaniza chisankho cha pulezidenti, nalamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Adamasuliranso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Bwalo la Supreme lidagwirizana nawo pa 8 Meyi. Mu Africa, Kenya yokha ndi imene idachitapo zotere, mu 2017.

Lamulo la kuposa theka lidakakamiza andale kufunafuna anzawo kunja kwa chigawo chawo. Zipani zisanu ndi zinayi zidapanga mgwirizano wa Tonse, ndipo pa 23 Juni 2020 Chakwera adapeza mavoti pafupifupi 59 pa 100, Mutharika pafupifupi 40. Komabe mapu sadafafanizike: pakati ndi kumpoto kudapita kwa Chakwera, maboma ambiri a kumwera adakhalabe ndi Mutharika. Pamene kuno tinkavina, ku Thyolo ndi ku Mulanje kudali zii.

Chaona mnzako chapita

Tsono boma lidabwereranso kukhala lotchedwa lathu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tilankhulane moona mtima. Nduna zoyamba zitangolengezedwa mu Julayi 2020, anthu adadandaula kuti zambiri nzochokera Chigawo cha Pakati, ndipo zina nzapachibale. Dandaulo lomwelo ndi limene ife tinkapereka pa boma la DPP, ponena kuti maudindo akupita kwa anthu a kwawo kwa mtsogoleri. Kodi tidalimva mofanana litatembenukira kwa ife?

Chaka choyamba thumba la feteleza wa AIP lidali K4,495, ndipo anthu adakolola. Kenaka zinthu zidayamba kuthina. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 kumwera mu Malichi 2023, chilala chidatsatira mu 2024, mizere ya mafuta idabwereranso, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Zina mwa izi sizidali zopangidwa ndi boma, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, safunsa kuti namondwe adachokera kuti. Pa 10 Juni 2024 Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu adafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, ndipo mafunso ndi mkwiyo zidaperekeza maliro ake mpaka ku Nsipe. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo, kudandaula kukwera mtengo kwa mabelo.

Ndipo zikwanje zija zidaonekanso, ulendo uno mu Lilongwe. Pa 26 Juni 2025 anthu obisa nkhope adakhapa ndi kumenya ochita zionetsero, kuphatikizapo Sylvester Namiwa, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Chikwanje cha 2011 ndi cha 2025 nchimodzi. Amene adadzudzula choyamba nkukhala chete pa chachiwiri, kapena kudzudzula chachiwiri atasekerera choyamba, adziyese yekha ngati amadana ndi chikwanje kapena amangodana ndi mwini wake.

Pa 16 Sepitembala 2025 mkwiyo udapeza khomo lake m'bokosi. Mutharika, yemwe adatuluka m'boma ndi mkwiyo wa 2020, adabwereranso ndi mavoti 56.8 pa 100, Chakwera 33. Midzi ya Lilongwe idakhalabe ndi Chakwera, koma kumpoto, komwe kudamuthandiza mu 2020, ambiri adamutembenukira. Pa 24 Sepitembala Chakwera adavomera kugonja MEC isanalengeze zotsatira. Wachiwiri kwa pulezidenti amene adalumbira pa 4 Okutobala ndi Jane Ansah yemwe uja, amene dzina lake lidali pa zikwangwani za zionetsero za 2019. Ndale ndi choncho abale. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kuti tione kukula kwa chimene tidapewa, tiyang'ane kuseri kwa Dzalanyama. Ku Mozambique, chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, otsatira Venâncio Mondlane adakana zotsatira, adalibe chikhulupiriro ndi mabwalo awo, ndipo zionetsero za miyezi ingapo zidaphetsa anthu oposa 300, malinga ndi mabungwe amene ankawerenga. Ku Kenya, zipolowe zotsatira chisankho cha 2007 zidapha anthu oposa 1,000, oyandikana nyumba kuphana chifukwa cha mtundu. Amalawi sitidabadwe ndi mtima wosiyana ndi anthu amenewa. Chimene tili nacho ndi makomo angapo amene adagwirapo ntchito pa nthawi yoopsa: oweruza amene sadagwedezeke, asilikali amene adakhala m'malire a ntchito yawo, ndi atsogoleri amene pomaliza adanyamula katundu nkutuluka.

Kwa aphunzitsi anzanga ndi ana anga

Nkhaniyi ikutikhudza ife aphunzitsi kuposa momwe timaganizira. Malo ambiri oponyera voti ndi sukulu zathu, ndipo ambiri mwa oyang'anira pa tsiku la chisankho ndi ife. Pepala la zotsatira limadutsa m'manja mwa mphunzitsi lisanafike kwina kulikonse. Ena mwa mapepala amene adagwetsa chisankho cha 2019 adalembedwa pa madesiki a m'makalasi, usiku, anthu atatopa. Manambala olembedwa bwino, osainidwa ndi oimira zipani zonse, nkupachikidwa pakhoma kuti aliyense aone, amazimitsa moto wambiri kuposa utsi wokhetsa misozi. Chisankho chotsatira chikuyembekezeka mu 2030, ndipo ena mwa inu mudzagwiranso cholembera chimenecho.

M'kalasi namo tisasankhe maliro. Tikaphunzitsa za Nkhata Bay mu 1959, tiphunzitsenso za Mwanza mu 1983, za Mzuzu mu 2011, za Msundwe mu 2019. Mwana wa ku Mitundu adziwe chifukwa chimene mnzake wa ku Karonga amawawidwa mtima akamva za 1989, ndipo wa ku Phalombe adziwe chifukwa chimene ife tidakwiyira mu 2019. M'makalasi mwathu muli ana a apolisi, a manesi ndi a amalonda ochokera m'zigawo zonse. Nthabwala zonyoza mtundu zimene timazilekerera pa bwalo la sukulu ndi zomwezo zimakakula pa msonkhano wa ndale.

Inu amene ndidakuphunzitsani, lero muli paliponse. Ena ndinu apolisi ndi asilikali, ena mavenda mu Lilongwe, ena muli pa kabaza pa Nathenje, ena muli ku Johannesburg. Tsiku lina mudzakwiya ndi boma, ndipo mwina mudzakhala ndi chifukwa chomveka. Malamulo a dziko lino amakupatsani ufulu wochita zionetsero mwamtendere, ndipo ufulu umenewo anthu adaufera. Koma wina akadzabwera ndi galimoto, kachasu ndi ndalama za tsiku limodzi kuti mukabalalitse anzanu, dzafunseni kuti mwana wake ali kuti tsiku limenelo. Ndipo inu ovala yunifolomu, kumbukirani kuti maboma asintha kangapo chiyambire 1994, koma amayi a anthu 20 aja akadali ndi manda oti azilambula.

Pakali pano ambiri kuno ali mbali yogonja, ndipo nkosavuta kukonda makhoti ndi zionetsero ukakhala kunja kwa boma. Mayeso enieni adzabwera tsiku limene anthu adzatinenanso kuti boma ndi lathu, wina wa ku Mzimba kapena ku Nsanje ali mu msewu ndi chikwangwani. Tsiku limenelo tidzamutchingire khomo kapena tidzamutsegulire?

Amene mukuona mosiyana ndi ine, makamaka akuluakulu amene mudaponya nawo voti ya 1993, ndilembereni kapena tipezane.